Msana wa Munthu wa Komiti

Ine ndine mkamwini. Ndinabwera pamudzi uno, kufupi ndi Kapelula, kudzakwatira, ndipo papita zaka zoposa makumi awiri ndikulima fodya pamunda wa kuchikazi. Zaka zonsezo sindinagwirepo dzanja la apongozi anga aakazi. Tikakumana panjira ine ndinkapatukira patchire, iwo n'kunjuta kuseri kwa mtengo, moni n'kumapatsana chapatali, nkhope zili kumbali. Ndimo mmene tinaleredwera.

Ndiye kunabwera zakomiti. Anthu khumi ongodzipereka, opanda malipiro, oti aziyang'anira ngozi zogwa mwadzidzidzi: madzi osefukira, mphepo yosasula madenga, moto wa m'zigafa za fodya. Wapampando anali mayi wina wamasiye, wamfupi, wa mawu oti akakuwa kudimba mumamva muli kuchigayo. Anapachika chitsulo cha gudumu la thirakitala pamtengo wa mango, nati chikalira tonse tizithamangira kutchalitchi, pamtunda.

Ine ndinaseka mpaka kutsokomola. “Amayi, kuno ndi ku Kasungu, si ku Nsanje. Madzi osefukira achokera kuti? Kamtsinje kamene mbuzi imadumpha aka?”

“Sekani, bambo,” anatero. “Kuseka n'kwaulere.”

Nthawi imeneyo apongozi anali atafa ziwalo mbali imodzi. Kuyenda anasiya. Nyumba yawo inali yomalizira kumunsi, m'mphepete mwa dambo, ndipo anakaniratu kusamuka chifukwa anaimanga ndi malemu amuna awo.

Tsiku lina m'chilimwe, dzuwa likuswa mtengo, akomiti anati tiyeserere. Chitsulo chinalira, anthu n'kumathamanga akuseka. Mwamuna amene anali pafupi ndi nyumba ya apongozi ndinali ine. Ndinafika pakhomo, basi miyendo inakana. Kulowa m'chipinda chawo, ine? Kuwagwira? Ndinangoti chilili ngati chitsa. Wapampando anandipeza pomwepo, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

Kumeneku ndi kumene ndimawavulira chipewa mayi aja. Wina akanatinyoza kuti ndife otsalira. Iwo anayenda khomo ndi khomo, napeza kuti pamudzi pali nkhalamba zinayi zosayenda, ndipo kwa zitatu mwa izo mwamuna wapafupi anali mkamwini wake. Choncho nkhalamba iliyonse anaipezera anthu awiri oinyamula amene si akamwini ake. Apongozi anga anawapatsa adzukulu a mlongo wawo, amuna awiri amphamvu zawo.

Mukuganiza kuti ndinathokoza? Ndinapsa mtima! Ndinauza mkazi wanga kuti andiyalutsa pamudzi, ngati kuti pakhomo pano palibe mwamuna.

“Kunyamula simungathe, ena anyamule simufuna,” anatero iye akupeta. “Nanga mufuna chiyani, bambo? Amayi amere mapiko?”

Ndinangonyamuka n'kutuluka.

Tsikulo linafika mwezi wa Febuluwale, masana, kunja kuli ngwee. Ndinali m'chigafa kusoka fodya. Mkazi wanga anali atapita kuchigayo, kutsidya kwa mtsinje. Amuna awiri onyamula aja nawonso anali kutsidya, kokumba manda pamudzi wina. Chitsulo chitayamba kulira ndinatukwana chamumtima kuti ayambanso masewera awo, anthu tili pantchito. Koma chinalira mosalekeza, ndipo panalibe amene ankaseka.

Ndinatuluka n'kuona wapampando akubwera chothamanga, atavala kajekete kawo kachikasu ka komiti, foni ili m'manja.

“Anzathu a komiti yakumtunda aimba,” anatero akupuma mwawefuwefu. “Kwawo mvula yagwa kuyambira m'mawa, ndipo damu la pa esiteti yakale laphulika. Madzi ali m'njira. Onyamula sangaoloke. Amayi ali m'nyumba okha.”

Ndinayang'ana kudambo. Madimba anali atamira kale, madzi ofiira akubwera ndi mapesi ndi zitsa. Tinathamangira kunyumba kuja, ndipo pakhomo, Mulungu andikhululukire, miyendo inakananso.

“Amayi, inu mukudziwa,” ndinatero. “Ndi apongozi anga.”

“Ndikudziwa. Ine ndekha sindingawathe, ndiponso kuli agogo ena akundidikira uko.”

Anavula kajekete kaja n'kundiveka mwankhondo, dzanja lina, kenako lina, ngati mwana wochedwa kusukulu. Kanali kakang'ono, kanandithina m'khwapa.

“Mkamwini watsala kuchigafa, akusoka fodya,” anatero. “Wavala ichi ndi munthu wa komiti. Lowani!”

Anatsogola okha n'kukuwa, “Amayi, wabwera munthu wa komiti kudzakutengani!”

Apongozi anali pamphasa. Anandiona, ndikudziwa kuti anandiona. Ndi dzanja lawo labwino lija anakoka duku n'kuphimba nkhope. Ine ndinagwada chowafulatira, wapampando anawakweza kumsana kwanga, natimanga pamodzi ndi chitenje, mfundo pachifuwa panga. Kenako anathamangira kwa agogo ena aja.

Kupepuka kwake! Munthu amene ndinamuopa zaka zonsezi sankalemera ngakhale ngati mtolo wa fodya wouma. Potuluka, madzi anali atafika pabwalo, m'miyendo, ozizira, akukoka. Ndinayenda pang'onopang'ono, phazi lililonse kuyamba ndafufuza pansi. Mpweya wawo ndinkaumva pakhosi panga.

Kutchalitchi azimayi a komiti anandimasula, nawagoneka pamphasa. Wina ankaitana mabanja limodzilimodzi, wina atayatsa kale moto wa phala. Wapampando anafika pomaliza, matope mpaka m'chiuno, akukankha wilibala muli agogo aja. Pamudzi ponse panalibe amene anasowa. Dzuwa lisanalowe, nyumba ya apongozi inagwa, khoma la kuchipinda n'kugwera pomwe panali mphasa paja. Fodya wanga wa m'munsi m'chigafa anapita yense, ndipo ine wokonda kudandaula ndinaiwala kudandaula.

Mkazi wanga anafika m'mawa mwake, atazungulira kumlatho wa kumsewu. Ine ndinali nditakhala panja, pansi pa zenera, kajekete nditabweza kale. Ndinamva akufunsa akulira, “Amayi, anakunyamulani ndani?”

Apongozi chidwalire amalankhula movutika, koma tsiku limenelo anakweza mawu, ndipo ndikhulupirira ankadziwa amene ali pazenera.

“Munthu wa komiti. Nkhope sindinamuone. Amuna ako anali kufodya, iwo ndi aulemu, sangandikhudze.” Anapuma kaye. “Koma ukamupeza munthuyo umuuze kuti ndinamva. Ankanjenjemera njira yonse, koma sanandigwetse.”

Ndinanyamuka n'kupita kuseri kwa tchalitchi, bambo wamkulu ndi ndevu zanga, kukalira.

Lero ndili m'komiti, ndipo woimba chitsulo ndine. Apongozi tinawamangira nyumba pamtunda. M'mawa uliwonse ndimanjuta pabwalo, chapatali, nkhope kumbali, n'kufunsa mmene adzukira. Iwo amayankhira m'kati, ndipo pomaliza amati, “Mukamuona wa komiti uja, mumupatse moni.”