Kamwana ka Chilombo cha ku Beira

Ndikukumbukira masana amene atsibweni anga, alongo awo a amayi, anaimika thiraki yawo pamsewu wa ku Chanida n'kutipeza tikuswa nsawa pakhonde. Ankanyamula feteleza kuchokera ku Beira, ndipo m'mudzi monse ndi iwo okha amene anaionapo nyanja yamchere. Ife madzi aakulu amene tinkawadziwa anali a kamtsinje ka kudambo, olekeza m'mawondo.

Atamwa thobwa, anayamba kutiuza za chilombo cha pansi pa nyanjayo. Akuti chilibe fupa, diso lake n'lalikulu ngati lichero, mikono yake ndi yambirimbiri, yomata ngati misundu, ndipo asodzi akale ankati chimakulunga bwato n'kulimiza ndi anthu omwe. Anatenga chingwe cha ngolo n'kuchiyala kuchokera pamtengo wa mango mpaka kunkhokwe. "Mkono umodzi ndi uwu," anatero. Nsawa zinandipulumuka m'manja.

Kenaka anamasula kapulasitiki. Panamveka fungo la mchere ndi nsomba yogonera. Munali kanthu kotuwa, koterera ngati therere, timikono tili lendee, maso ali tong'oo. "Aka ndi kamwana kake. Kumeneko amati lula."

Mng'ono wanga Tisa anafunsa, "Atsibweni, nanga amake akakasowa?"

"Madzi onse ndi pachibale," anayankha osaseka. "Adzalondola."

Amayi anakaniza poto wawo, choncho atsibweni anakabaya pakamtengo n'kukaotcha pamakala. Timikono tinayamba kudzipinda tokha ngati kali moyo. Tisa anakuwa. Ine ndinangoti kukamwa yasaa, kuona munthu wamkulu, wopemphera, akutafuna mwana wa chilombo, n'kunyambita zala.

Iwo anapita, mlandu n'kutisiyira ife. Ine ndi Tisa tinakaniratu kukathirira kudimba, mpaka repu ndi tomato zinayamba kufota. Amayi anachita kutiperekeza ndi kamkwapulo, akudzudzula alongo awo njira yonse. Koma titafika pamtsinje ndinaona kuti nawonso anayamba asuzumira kaye asanamize ndowa.

Posachedwapa mwana wanga wamkazi anandionetsa chilombocho pa foni, chenichenicho, chikusambira mumdima wa pansi pa nyanja. Za mabwato mwina anawonjezera, koma pa kukula kwake atsibweni sananame kwenikweni. Mwanayo anayang'ana pang'ono, n'kuyasamula, n'kusuntha ndi chala kupita pa nyimbo. Ana a masiku ano nyanja yonse ili m'manja mwawo, ndipo palibe chimawagwetsa mtima. Ine ndinangozindikira kuti ndakweza mapazi pampando.