Mbuzi Imene Anaidula mu Kanema

Ndinali pamphasa kuseri kwa nyumba, ndikuswa mtedza ndekhandekha, makoko uku, mtedza uko, mtima kwina, pamene wakabaza wa m'mudzi mwathu anatulukira, belu ngwe ngwe ngwe, mapatapata akukwekweza pansi popeza ndiwo mabuleki ake.

"Agogo, sukusulani! Achemwali anu adutsa mwala wa malire. Avala chitenje cha kuukwati, mpango wabuluu kumutu, ndipo akukoka mbuzi pachingwe!"

"Mbuzi iti, iwe?"

"Yamawanga ija, yanyanga imodzi."

Lichero linagwa, mtedza mbwee, nkhuku zinadya Khirisimasi tsiku limenelo. Nthungululu inatuluka yokha osandipempha. Mawondo amene amakana kugwada kutchalitchi anavomera kuvina.

Abwera, abwera, achemwali abwera,
ndi wakuba pachingwe abwera!

Mukuti nkhalamba yapenga, ikuvinira mbuzi. Dikirani, ndiyambe ndi kanema.

Ife tinabadwa awiri, bere limodzi, iwo oyamba, ine wotsatira. Achemwali anakwatiwa ku Zambia, koma Zambia yake musaganize ya basi. Tambala wawo ndi amene amandidzutsa. Pakati pathu pali munda wa mtedza umene amayi anatisiyira, ndipo kumapeto kwake kuli mwala wasimenti wa malire, umene timaikapo chigubu cha thobwa. Chaka ndi chaka timakumba limodzi, kuthothola limodzi, kuswa limodzi, miseche limodzi. Tikatha, aliyense dengu lake pamutu, uyu ku Malawi, uyu ku Zambia, mawa tionana.

Ndiye pali mdzukulu wanga, mwana wa mwana wanga wamkazi, amene anapita ku Lilongwe kukaphunzira zojambula kanema. Anafika nthawi yokumba mtedza, ali ndi kamera ya miyendo itatu ndi chinthu chaubweya kunsonga kwa ndodo, chonga mchira wa galu. Akuti chimenecho ndi khutu, maikolofoni.

"Agogo, ndikufuna kujambula moyo wanu weniweni. Kanema wamfupi, wa zoona zokhazokha, wopanda zisudzo."

Zoona zakezo, mayo ine! Ndinavala diresi la Lamlungu, akuti vulani, valani chitenje chong'ambika chija, ndicho choona. Ndinadzola mafuta, akuti pukutani, mukunyezimira. "Musayang'ane kamera, agogo. Chitani ngati ine palibe." Mwana ndinamubereka kumsana uyu, lero wandiimikira diso lagalasi pamphuno, ndichite ngati palibe!

"Tulukani pakhomo. Ayi, bwererani. Tulukaninso, pang'onopang'ono. Imani, dzuwa labisala."

M'mawa umenewo ndinatuluka m'nyumba mwanga kuposa mmene ndimatulukira chaka chathunthu, koma sindinafike kulikonse. Anajambula zala zanga pafupi, zidendene zanga pafupi, ming'alu yonse poyera. Kenako akuti, "Tsopano tonse chete, ndikujambula chete." Kujambula chete! Tinakhala duu, ine ndi achemwali, ngati tili pamaliro a munthu wosamudziwa, mpaka m'mimba mwa achemwali munalira, ine n'kuphulika, chete yense n'kutayika.

Achemwali ndiye anawazunza ndi dengu. Senzani, yendani kulowera kumwala, musacheuke. Bwererani. Senzaninso.

"Msana wanu ukuyankhula, agogo aakulu," anatero mwanayo.

"Pakamwa ndili napo, manje msana uyankhuliranji?" anatero achemwali, khosi litauma.

Masana ena ndinamupeza mdzukulu atagwira tsaya pansi pa mango.

"Wadwala?"

"Ayi agogo, kanemayu alibe mkangano. Aphunzitsi amati nkhani imafuna munthu wofuna chinthu ndi wina womutsekereza. Inu awiri mumangogwirizana. Simunayambanepo?"

"Tinayambanapo tili atsikana, nkhani ya ndolo."

"Nanga malirewa, sakuvutitsani?"

"Ativutitse chiyani? Timayanikapo mipango."

Anausa moyo ngati ndamulanda cholowa. Sindinadziwe kuti mtendere ndi matenda ku sukulu ya kanema.

Tsiku lotsatira anandikhazika pachitsa, kamera pankhope. "Ganizirani chinthu chomvetsa chisoni, agogo, muyang'ane kutali." Ndinayang'ana kutali. Kutaliko ndinaona mbuzi ya achemwali, yamawanga, yanyanga imodzi, yolowa dziko la eni popanda chiphaso, itakwera pathandala panga, ikukukuta mtedza wanga wa mbewu. Chisoni chinathawa. Ndinaimirira.

"Wakuba iwe! Wopanda manyazi! Chaka ndi chaka kudya thukuta langa! Bwerera kwanu ku Zambia, ukadzapondanso kuno ndidzakuthyola miyendo!"

Maso a mdzukulu anawala ngati wotola ndalama. "Agogo, apa ndiye mwatulutsa!" Ine ndinayesa akutama mawu anga, paja mukwaya ndine wa patsogolo.

Ananyamuka, anapita. Kanema anabwera yekha pa foni, ndipo anayamba kufika ku Zambia asanafike kwa ine. Ine ndinaonera pa foni ya wakabaza yemweyu, amene anandipatsa akuyang'ana kumbali.

Kanemayo anali wamfupi kuposa ulaliki wa akatekisiti. Kunayamba kanyimbo kolira. Kenako mwala wa malire, wokhawokha, wopanda chigubu cha thobwa. Kenako mawu a mdzukulu wanga, m'Chingerezi chofewa ngati cha wodwala. Kenako achemwali akusenza dengu la mtedza. Kenako nkhope yanga yadzaza foni yonse, mitsempha ili tolotolo: wakuba iwe, wopanda manyazi, bwerera kwanu ku Zambia! Kenako msana wa achemwali ukupita, ukupita, ukuchepa, dengu pamutu, osacheuka.

Mbuzi munalibe. Mbuzi anaidula.

Ndikuuzeni zoona, ine ndemwe ndinamuda mayi wa mufoniyo. Ndinati, nkhalamba iyi njouma mtima bwanji, kutukwana m'bale wake chifukwa cha dengu limodzi!

Mawa lake achemwali sanabwere. Mkuja sanabwere. Tambala wawo ankalirabe, koma kanjira kathu kanayamba kumera udzu. Ndinatumiza nsinjiro, zinabwerera zili chimangire. Ndinakaima pamwala n'kuitana, "Achemwaliii!" Chitseko chinayankha, phwa. Kutsidya ana anayamba kuwatchula agogo adengu. Kuno, ndikafika pamsika wa Mkanda, amayi ogulitsa tomato ankati, "Sankhani nokha agogo, musatithyole miyendo." Ine ndinkaseka nawo pakamwa, koma pobwerera ndinkapeza mulu wa mtedza wa anthu awiri ukudikira manja a munthu mmodzi. Chiyambire utsikana wathu sindinaswepo mtedza popanda mawu a achemwali pambali panga. Mtedza woswa uli chete suyenda, umangolasa zala.

Ndinaimba foni ku Lilongwe.

"Iwe, bweza mbuzi."

"Agogo, mukanadziwa! Aphunzitsi andiyamikira pamaso pa onse. Akuti ndaonetsa mmene malire a atsamunda anang'ambira mabanja. Anthu analira mu holo."

"Analira iwo, kuswa mtedza ndekha ine."

"Koma sindinaname, agogo. Mawu ndi anu, msana ndi wawo. Ine ndinangolumikiza. Imeneyo ndiyo ntchito yake, kudula ndi kulumikiza."

"Ndikasokerera mutu wa nkhuku pa thupi la bakha, mutu ndi woona, thupi ndi loona. Ndikuphikire udye?"

Anakhala chete, chete weniweni, wosajambula. Ndinamuuza kuti chiponde chimene ndimamutumizira chayamba kundithera mphamvu m'mikono, mwina sichidzafikanso. Loweruka anatsika minibasi pa Boma, wakabaza n'kumubweretsa, laputopu pachifuwa, maso pansi.

Anandionetsa zosadula. Inde, mbuzi inalimo. Pakona pa chithunzi pankadutsa matako ake amawanga, masangwe akulendewera kukamwa, ndipo nditangomaliza kutukwana inayankha, mee, monyoza. Ndinati nyamula, dutsa mwalawo, ukawaonetse agogo ako aakulu, ukagwade.

Anabwerako dzuwa litapendeka, nkhope itagwa.

"Aonera, agogo. Akuti makina ochotsa mbuzi sangalephere kuikamo mbuzi."

Mayo ine, umboni watha ntchito! Koma mwanayo anapitiriza, akutsanzira mawu awo.

"Akuti, mng'ono wanga wanditukwana chiyambire ali ndi mamina, zimenezo sizachilendo. Chikundipweteka n'chakuti dziko lonse laona nkhope yake iye, mano onse, pamene ine laona msana ndi dengu. Ndinasamba tsiku lililonse la kanemayo, ndani akudziwa? Akuti adzabwera tsiku lawo, ndi mbuziyo. Ndidzajambule nkhope yawo ndi pakamwa pawo, ndipo ndisadzadule ngakhale pokhosomola."

Tsikulo sanalitchule. Achemwali ndi otero. Mdzukulu anakhala nane akudikira, m'mawa uliwonse kukatchajitsa mabatire kwa wometa, madzulo aliwonse kubwera nawo odzaza osagwira ntchito. Anaphunzira kuswa mtedza, zala zinatupa, koma miseche sadziwa, amangofunsa mafunso.

Ndiye tsiku lija la belu, la lichero kugwa, la nkhuku kudya Khirisimasi. Mdzukulu anali kwa wometa, anabwera akuthamanga ndi mabatire ake.

Anatulukira pakati pa minda ngati mkwatibwi, mbuzi m'mbuyo ikukana, anthu a mayiko awiri akutsatira. Ine ndinathamangira, manja m'mwamba. Iwo anandidutsa ngati chitsa.

"Kamera ili kuti? Iwe mwana, bweretsa kuno. Pafupi. Pafupinso. Wayatsa?"

"Ndayatsa, agogo aakulu. Koma musayang'ane kamera."

"Ndiyang'ana. Ndabwerera chimenecho."

Anakonza mpango, anakhosomola, nayang'ana diso lagalasi lija mwachindunji.

"Ine ndine mwini msana uja. Nayi nkhope yake. Dengu linali langa, mtedza unali wanga, munda ndi wa amayi athu. Wakuba ndi uyu ali pachingweyu, ndipo lero aba pamaso panu nonse kuti nkhani ithe."

Anaikokera mbuzi pathandala. Ine ndinathirapo mtedza wosankha, wonenepa, umene sindipatsa ngakhale ansembe. Mbuzi inanunkhiza. Inayang'ana kamera. Inagona pansi n'kuyamba kubzikula ngati mbuzi yobatizidwa.

"Iba, iwe!" anakuwa achemwali. "Iba monga umachitira! Ukundichititsa manyazi m'dziko la eni!"

Mbuzi phee. Anthu anayamba kulangiza, wina akuti ibisireni kamera, wina akuti chitani ngati inu palibe. Mdzukulu, pofuna kugwira bwino mawu a achemwali, anatsitsa ndodo yake ija. Chaubweya chija chinafika pamphuno pa mbuzi. Mbuzi inadzuka, inachiyang'ana, hapu!

"Wakuba iwe!" anakuwa mdzukulu wanga wophunzira. "Wopanda manyazi! Si yanga imeneyo, ndi ya sukulu! Siya, ndikuthyola miyendo!"

Iye kukoka uku, mbuzi kukoka uko, ubweya m'mwamba, kamera pamiyendo yake itatu ikungoona zonse.

"Osadula!" anakuwa achemwali. "Osadula pamenepo!"

Anaseka achemwali, anaseka mpaka mpango unagwa, anaseka mpaka miyendo inawakana, n'kukhala pansi. Pansi pake panali pamphasa panga. Akupukuta misozi ndi dzanja ili, dzanja linalo linapita lokha pamulu, linatola mtedza, thwa. Linatolanso, thwa. Ine ndinakhala pambali pawo mwakachetechete, ngati wozemba, n'kutola wanga.

"Waswa moipa bwanji," anatero osandiyang'ana. "Theka lonse wauphwanya. Sendera uko."

Ndinasendera, mtima ukuvina chimtali.

Thwa uku, thwa uko,
manja anayi pamulu umodzi,
Malawi thwa, Zambia thwa!

Kanema watsopanoyo aphunzitsi akuti ndi wautali, akuti alibe luso, akuti mkangano wake ndi wa mbuzi chabe. Ife timaonera pa foni ya wakabaza mpaka batire kufa. Kumapeto kwake mdzukulu anaikako maina a anthu, koma amathamanga kukwera m'mwamba ngati linthumbu, ine ndikamagwira chilembo choyamba, dzina lachitatu lapita kale. Ndiye ndiwaimba ndekha, pang'onopang'ono, onse amene anabwera kudzakondwa nane tsiku lija, aliyense amve kuti sanadulidwe.

Anabwera wakabaza wa mabuleki a mapatapata, mwini uthenga, mwini belu. Anabwera wometa wotchaja mabatire, lumo lili m'manja, pambuyo pake bambo wometedwa mbali imodzi. Anabwera amayi a tomato a pa Mkanda, miyendo yawo yonse ili bwinobwino. Anabwera akatekisiti, osalalikira, zikomo akatekisiti. Anabwera amayi a kwaya, a mawu oyamba ndi a mawu achiwiri, ndi uja amangotsegula pakamwa. Anabwera apongozi a achemwali ochokera kutsidya, ndi ana aja ankati agogo adengu, lero akunyamulira dengu. Anabwera mwana wanga wamkazi, mayi wa wojambula, ndi chigubu cha thobwa. Anabwera mdzukulu wanga, wodula ndi wolumikiza, ubweya wa maikolofoni uli m'tsitsi. Inabwera mbuzi yamawanga, yanyanga imodzi, wakuba wa mayiko awiri. Ndipo anabwera achemwali anga, bere limodzi ndi ine, chitenje cha kuukwati, mpango wabuluu, nkhope yonse.