Tsiku limene ndinakana agogo anga ku Biwi

Agogo anga aamuna anamenya nkhondo ku Burma, ndipo chaka cha referendamu ndinaganiza zolemba mbiri yawo. Chomwe anatisiyira chinali kabuku ka usilikali, momwe munali chithunzi chawo, nambala ndi udindo wa sajeni. Anthu anandilozera kwa a Nkhoma a ku Biwi, amene anali nawo gulu limodzi kunkhondoko.

Ndinawapeza akutchetcha udzu ndi chikwakwa. Ndinawapatsa kabukuko monyadira, ndisananene n'komwe kuti ndine yani.

Atangoona chithunzicho, nkhope yawo inasintha. Anavula malaya n'kundionetsa msana wodzaza zipsera ngati mizere ya m'munda.

"Si adani anachita izi ayi! Ndi galu uyu! Anandimangirira kumtengo n'kundikwapula mpaka kukomoka, chifukwa cha ndudu imodzi!"

Anatema kamtengo ka papaya kamodzi kokha, ndipo kanagwera pamapazi anga. Kenako anandiloza pakhosi ndi chikwakwa chija.

"Ameneyu ndi ndani wako?"

Ine amene ndinkaopseza anzanga kusukulu ndi dzina la sajeni, ndinayankha msangamsanga.

"Sindikuwadziwa, agogo. Kabukuka ndangotola pamsika."

Anandiyang'anitsitsa, n'kulavula, n'kuponya kabukuko m'fumbi. Ndinatola, ndipo liwiro lake nsapato imodzi inatsala konko.

Ndili pamsewu, ndinawamva akukuwa: "Makutuwo ndi ake! Koma iyeyo, ndi nkhanza zake zonse, sankathawa!"

Mpaka lero ndikamameta ndevu pagalasi, makutuwo ndimawazemba.