Chitenje Chanu Chikuberekabe Ana ku Evington

Amayi, lero pa siteji ya basi kuno ku Evington, kutali ndi kwathu, ndakumana ndi Mei, neba wathu wa ku China uja, atabereka khanda lake lachiwiri pa chitenje chanu chobiriwira chija. Ndangoima, misozi ikulengeza m'maso.

Mukukumbuka chaka chimene munabwera kudzatithandiza kulera mwana wathu Tadala? Mwana woyamba wa Mei analira tsiku lonse. Inu Chitchaina simunkachidziwa, nayenso Chichewa sankamva, koma munakagogoda pakhomo pake, n'kumuweramitsa, n'kumuika mwanayo kumsana, n'kumumangira mfundo ya chitenje chanucho pachifuwa. Kamwanako kanagona pomwepo. Papita zaka ziwiri chitisiyireni, koma lero Mei waloza mfundo yake akumwetulira, n'kutchula liwu limene anaphunzira kwa Tadala: "Agogo." Wamanga bwino, amayi. Mwana sangagwe.