Kakalilole kamene kanaona ng'ala m'diso la mwana wanga

Mwana wanga ali ndi miyezi iwiri, ndinamujambula ndi foni m'nyumba yathu ya lendi ku Matawale. Kunja kunali chiperoni, m'nyumba muli kamdima, ndiye foni inawalitsa yokha. Pachithunzipo diso lakumanja linatuluka lofiira, lakumanzere loyera ngati la nsomba yophika. Ndinajambulanso. Chimodzimodzi.

Ine ndine wamantha, ndisaname. Mwana akangotsokomola ndimakhala nditayamba kale kufuna buku la kusikelo. Bambo ake ankandiseka kuti satifiketi yanga ya zamakompyuta ntchito yake n'kufufuzira matenda pa intaneti basi. Tsiku limenelo sanaseke. Anangoti mwina ndi foni, poti inagwerapo m'ndowa.

Apongozi anga, amayi awo a bambo a mwana, anabwera kuchokera ku Jali kudzandithandiza chikuta ndipo anali asanabwerere. Tsiku lomwe anafika anaphimba kalilole wa kuchipinda ndi chitenje. Kwawo khanda silidziona pakalilole lisanamere mano, akuti maso amaonongeka. Ataona chithunzicho anatembenukira mwana wawo.

"Si inu mumameta ndevu mwana ali pamiyendo?"

"Amayi, kagalasi kanga kaja n'kosweka. Ine mwiniwake sindidzionapo bwino, ndiye khanda?"

M'mawa mwake tinapita kuchipatala cha maso, ine ndi apongozi. Adokotala anali mayi wachikulire wovala mpango wachisilamu, Chichewa chawo chopendekera ku Chiyao. Anatseka makatani, n'kutenga kachipangizo konga tochi, kokhala ndi kabowo kosuzumirapo. Ine ndikachita mantha pakamwa sipatseka. Ndinafunsa kuti kamagwira bwanji ntchito.

"Mkatimu muli kakalilole," anatero.

Apongozi anaimirira n'kundilanda mwana.

"Kalilole ayi. Diso limodzi lapita kale, mukufuna linalo? Amake mwana, tiyeni kunyumba."

Ndinadziwa kuti tikatuluka pakhomo paja mwana asanapimidwe, kubwereranso kudzakhala nkhondo. Koma ndiulule: pansi pa mtima nanenso ndinali nditayamba kukhulupirira za kalilolezo, sukulu yonse ili m'mutu. Ndinangoyamba kulira.

Adokotala sanaseke, sanakalipenso. "Anganga, takhalani pansi, ndiyambe ndi inu." Anawaunika m'diso. "Mukudziona?"

"Ndikuona kuwala basi."

"Mdzukulu wanunso aona komweko."

Kenaka anatsegula dilowa n'kutulutsa kagalasi kochepa ngati chikhadabo, kochokera m'makina ena amene anafa. Anakankha katani pang'ono n'kukaika pawindo. Phiri linaoneka kuseri kwake, lotuwira ngati kuli utsi. Atakapendeketsa, kuwala kwa pawindo kunadumphira pakhoma. Anafotokoza kuti kalilole wa kunyumba amabweza kuwala konse chifukwa chitsulo chopakidwa kumbuyo kwake n'chochindikala. Pa aka chitsulocho anachita kuwazapo ngati nthunzi, chopyapyala moti mutasanjikiza mazanamazana simungafike pa kunenepa kwa tsitsi limodzi. Choncho kuwala kwina kamabweza, kwina kamalola kudutsa. Kamakhotetsera kuwala kwa tochi m'diso la mwana, ndipo kobwerera kuchokera mkati mwa diso kamakadutsitsa kufika kwa wopima. Anawonjezera kuti amva zoti akatswiri akunja akupanga ena opyapyala kuposa pamenepo, oti paokha sungawagwire ndi zala.

Apongozi anakatenga kagalasiko, kukasuzumira uku ndi uku.

"Kalilole wodontha ngati ameneyu ndi kalilole? Iyi ndi sefa."

"Ndiye sefa ili ndi mwambo, anganga?"

"Sefa ilibe mlandu." Anandibwezera mwana. "Amake mwana, pukutani misozi, mukumunyowetsa."

Ndinamugwira mutu, adokotala n'kusuzumira nthawi yaitali. Atawongoka anati ndi ng'ala, mwana anabadwa nayo. Sinabwere ndi kalilole, sinabwere ndi chimene ndinadya kapena kuiwala kumwa ndili woyembekezera. Mawu amenewo ananena akundiyang'ana ine, ngati amadziwa zimene ndinkadziimba nazo mlandu. Anati diso la khanda limaphunzira kuona, ndipo likatsekeka nthawi yaitali limazolowera mdima, ngakhale mudzachotse ng'alayo pambuyo pake. Ife tinafika nthawi ikadalipo.

Anatitumiza ku Blantyre kukachita opaleshoni. Za masiku amenewo ndikumbukira fungo la mankhwala ndi apongozi atakhala pabenchi, kolona m'manja, osalola kudya mpaka mwana atadzuka. Chovuta chinadza pambuyo: timagalasi ta mwana tomangira kumbuyo, ndi kumata diso labwino tsiku ndi tsiku kuti lodwala lija ligwire ntchito. Ankalira, ine n'kumalira naye. Amene ankalimba mtima kumata anali apongozi.

Adokotala aja ndimawathokoza mpaka lero, osati poona ng'ala pokha, koma potaya nthawi yawo ndi gogo wa ku Jali pamene panja panali mzere. Amene anapanga kakalilole kaja sindidzawadziwa, koma m'pemphero ndimawatchula, ngakhale bambo a mwana amati Mulungu azidabwa nane.

Mwana atayamba kukhala pansi yekha, tinakwera kuphiri Loweruka lina kukapumula pafupi ndi damu la Mulunguzi. Diso labwino linali lomata. Bambo ake anagula mabulosi kwa amayi ogulitsa m'mbali mwa msewu, limodzi n'kugwera pachitenje, chakumanzere kwa mwana. Ndinati ndilitole, koma iye anatembenuza mutu, kuliyang'anitsitsa, n'kutambasula dzanja. Koyamba anaphonya. Kachiwiri analigwira, kulifinya, madzi ofiira n'kuyenderera mpaka m'chigongono.

"Alidyatu ndi dothi lomwe," anatero bambo ake.

"Musiyeni adye," ndinatero.