Kanyale Kachikasu M'nyumba ya a Stamen

Tsvetana anabwerera kwawo ku Dryanovo ali ndi zaka zopitirira makumi asanu, atanyamula masutikesi awiri basi. Ankati angoika maliro a mayi ake, akonze m'nyumba, abwerere ku Plovdiv komwe ankasoka makatani. Koma chisoni chisanathe, bambo ake, a Stamen, anagwa pansi pa mpesa kuseri kwa nyumba, ndipo potuluka m'chipatala mwendo wawo wakumanja unali ukukhwekhwereza. Manja okha ndiwo anatsala olimba, manja omwe anakalamba akukonza mawaya a zizindikiro za sitima m'mbali mwa njanji. Mlongo wake wa Tsvetana, Lyuben, amene amakhala ku Spain, analira pa foni nati akanatha akanabwera. Tsvetana banja lake linali litatha kalekale, mwana wake anali pabanja, ndiye aliyense anangoona kuti wopanda chomugwira ndi iyeyo.

Chaka choyamba sanapite kutali kuposa pagolosale ya pakona. Kenaka Lyuben anatuma mmisiri wa maalamu, dzina lake Ognyan, munthu wamtali wosalankhulalankhula, kuti adzaike kabokosi koyera m'khonde la m'nyumba. Kabokosiko anakalumikiza ku waya wa foni ya m'nyumba, ndipo a Stamen anawaveka kabatani m'khosi. Akangodina, kabokosi kankaimba kokha foni ya m'manja ya Tsvetana n'kulankhula mawu omwe Tsvetana mwiniyo anajambula: "Bambo akufuna thandizo kunyumba." Akapanda kuyankha, kankaimbira mayi woyandikana nawo nyumba, kenaka Lyuben.

Kabokosiko kanamutsegulira chitseko. Anapeza ntchito ya m'mamawa pabekale ya pafupi ndi mlatho, kupinda banitsa, buledi wopyapyala wa tchizi m'kati, pamodzi ndi amayi anzake awiri omwe pakamwa pawo sipankauma nthabwala. Ankabwerako nthawi ya nkhomaliro tsitsi likununkha mafuta, miyendo ikuwawa, koma akuimba chamumtima. Ankapereka moni kwa anthu mumsewu, anthu n'kumayankha pomutchula dzina lake, osati mwana wa a Stamen.

Mavuto anayamba masamba atayamba kuyoyoka. M'mawa wina akuvala jasi, kabokosi kanayamba kulira pang'onopang'ono, ndipo pomwe pankayaka kanyale kobiriwira panayaka kachikasu. Pagalasi lake panalembedwa kuti waya wa foni uli ndi vuto. Ananyamula foni ya m'khonde n'kuika kukhutu: zii. Anavula jasi. Sakanatha kusiya munthu wokhoza kugwa ali ndi kabatani koitana mphepo.

Chakumasana foni inayambanso kulira bwinobwino, kanyale n'kubwerera mwakale. Tsiku lotsatira anapita kuntchito. Linzakelo, kachikasu kaja kanayakanso.

Ognyan anayamba kumuthandiza pa foni. Anamuuza azule mafoni onse m'nyumba, asiye kabokosi kokha. Anazula. Anamuuza asinthe kasefa kolekanitsa intaneti ndi mawu, poti nthawi zina kamapsa. Anagula kena, nasintha. Anamuuza aone ngati chinyontho chalowa m'soketi ya kukhitchini, aunike waya wapanja ngati nthambi za mpesa zaukhula. Tsvetana anakwera pa makwerero ndi nsapato za m'nyumba, nasisita waya ndi zala kuchokera pa denga mpaka pa zenera, osapeza kanthu. A kampani ya mafoni anayeza ali ku ofesi kwawo nati kwawo zonse zili bwino, vuto ndi la alamu. Ognyan anati alamu ilibe mlandu, imangonena zomwe yaona: mphamvu ya mu waya ikasowa, imadandaula.

Pamene Ognyan anabwera yekha, anapeza kanyale kali kobiriwira. Anayeza uku ndi uku, anasintha batire kuti ulendo wake usapite pachabe, nadina kabatani koyeserera. Foni ya Tsvetana inalira m'thumba la epuloni. A Stamen anali pampando wawo pafupi ndi mbaula, akusenda apulo ndi kampeni kawo.

"Matenda oopa dokotala amenewa," anatero akuseka. "Mawaya a masiku ano, mwanawe, ndi ulusi. Ife tinkakoka waya woti ng'ombe n'kuimangira."

Ognyan atangopita, sipanadutse masiku, vuto linabwerera.

Tsvetana anasiya kugona bwino. Akadzuka ankayamba wasuzumira m'khonde asanasukusule n'komwe. Nthawi zina kanyale kankakhala kobiriwira mpaka iye atamanga nsapato, kenaka n'kusintha dzanja lili kale pa chitseko. Mwini bekale, mayi wachifundo ndithu, anapirira kwa kanthawi, koma ufa sudikira munthu. Anamuuza mokoma kuti waitana mdzukulu wake adzagwirizire malowo mpaka zinthu zitakhala bwino. Tsvetana anathokoza, nabwera kunyumba n'kukawotcha tsabola wosungira nyengo yozizira, mabotolo ambiri kuposa omwe anthu awiri angadye.

Chipale chofewa choyamba chitagwa, Ognyan anabweranso osaitanidwa, akuchokera kwina. Anapeza kanyale kali kachikasu, ndipo nkhope yake inawala ngati mlenje woona mapazi a nyama. Ulendo uno sanakhudze kabokosi. Anatsata waya chobwerera, m'munsi mwa khoma, kuseri kwa kabati, mpaka pakhomo la chipinda cha a Stamen. Nyumbayo ndi yakale, ndipo waya wochokera pa mtengo wa mumsewu umalowera pa zenera la chipinda chimenecho usanafike kwina kulikonse. A Stamen anali m'bafa. Ognyan anakankha bedi pang'ono, napeza kabokosi kakuda kolumikizira mawaya, kumutu kwa bedi, pomwe munthu wogona angafikepo atatambasula dzanja.

Anatsegula, nayang'ana nthawi yaitali, kenaka anapempha Tsvetana kuti atuluke naye panja akaone zina.

Ataima pansi pa mpesa wopanda masamba, anamufotokozera motsitsa mawu. M'kabokosimo munalibe dzimbiri, munalibe chinyontho, mbewa sizinalumepo. Sikuluwu imodzi inali yomasulidwa, mutu wake ukunyezimira chifukwa chopotokolapotokola, ndipo waya unali utatukulidwa pang'ono chabe, mwaukhondo, kuti usakhudze chitsulo koma ubwezeke mosavuta.

"Achemwali, waya sudzimasula wokha n'kudzimanganso," anatero. "Amene amachita izi ntchito amaidziwa kuposa ine."

Tsvetana anayang'ana chipale chikusungunuka pa nsapato za Ognyan, ndipo anamva manyazi ngati wagwidwa ndi iyeyo.

Anadikira mpaka atawapatsa bambo ake msuzi wa nyemba, iwo atadya n'kupukuta mbale ndi buledi. Ndiye anakhala moyang'anizana nawo nawafunsa kuti kampeni kawo amasendera maapulo okha kapena amachitira zinanso. A Stamen sanakane. Anapinda kansalu ka patebulo kawiri, katatu, maso ali pa zala zawo.

"Kanyale kakakhala kobiriwira umapita," anatero.

"Ndimapita kuntchito, bambo. Pa nkhomaliro ndimakhala ndabwera."

"Ndikudziwa." Anasiya kansalu kaja patebulo. "Tsiku lina ndinadina, ndili pansi m'bafamo. Ndinamva mawu ako m'khonde, ndinayesa wafika. Ndinakuitana, iwe n'kumangobwereza zomwezomwezo. Kenaka ndinazindikira kuti ndikulankhula ndi khoma."

Tsvetana analikumbukira tsikulo. Anathamanga kuchokera ku bekale ufa uli m'manja, nawapeza atakhala pansi, osavulala, akutukwana sopo. Sanadziwe kuti zinawakhala mumtima. Anafuna kukalipa, anafuna kuwauza za malo ake omwe apita, za makwerero omwe anakwera mphepo ikuwomba, koma mkulu uja anali atafota pampandopo ngati jasi lopachikidwa. Tsvetana anatola mbale n'kukatsuka.

Madzulo ake anaimbira Lyuben. Mlongo wakeyo anaseka mpaka kutsokomola, nati mdala adakali ndi nzeru zake zonse, imeneyo ndi nkhani yabwino. Atamva kuti mbali inayo kulibe kuseka, anasintha mawu nanena kuti Ognyan aike kabokosi kamakono, kosadalira waya, kogwiritsa ntchito khadi ngati foni ya m'manja. Tsvetana anamufunsa ngati angabwere m'nyengo ya Khirisimasi kuti iye akapumeko kwa mwana wake ngakhale sabata imodzi. Lyuben anati aona, ntchito yachuluka, ana ali ndi mayeso.

Ognyan anadzaika kabokosi katsopanoko pamwamba penipeni, pafupi ndi denga, poti ngakhale iye ankafikapo ndi makwerero. Kanalibe waya woti munthu n'kumasula. A Stamen anaonerera ntchito yonse ali pampando, ndipo pamapeto anamuyamikira mmisiriyo kuti wamanga mowongoka.

M'mawa mwake Tsvetana anapita kukalankhula ndi mwini bekale, yemwe anati akhoza kubwerako masiku a msika. Pobwerera anagula mabuledi awiri otentha. Atalowa m'nyumba anapeza bambo ake akuwerenga nyuzipepala, m'khosi mulibe kanthu. Kabatani anakapeza m'kabati ya kukhitchini, m'chitini cha shuga. Anakatsuka, nawaveka. Tsiku lotsatira kanali m'nsapato ya m'nyengo yozizira. Anawachonderera, anawaopseza kuti awapititsa kunyumba yosungirako okalamba ku Gabrovo, ndipo onse awiri ankadziwa kuti sangatero. Iwo ankangoti chingwe chimawayabwa m'khosi.

Ku bekale sanabwerereko. Anatumiza uthenga kudzera mwa mayi woyandikana nawo uja, amene masiku ano amabwera Loweruka kudzakhala ndi a Stamen kuti Tsvetana akagule zinthu kumsika. Tsvetana amayenda mofulumira, sacheza pa mlatho. Ognyan akamadutsa mumsewumo amaimitsa galimoto n'kufunsa ngati kabokosi kakuvuta, iye n'kuyankha kuti ayi, kakugwira bwino kwambiri. Lyuben pa Khirisimasi sanabwere. Anatumiza bokosi la malalanje, ndipo a Stamen anadya awiri nati ndi owawasa.