Masamba Omaliza Anali kwa Kaduya

Ndinanyamuka pa Chiringa Lachitatu m'mawa, magolosale asanatsegule. Ine ndine Laitoni, telala wa pakhonde la sitolo ina pamsika, ndipo telala sasiya makina pakati pa sabata popanda chifukwa. Anzanga a pakhondepo atamva kuti ndikupita kwa Kaduya kukafuna buku, anaseka mpaka wina anakhala pansi. Ndinawasiya akuseka.

Nkhani yake ndi iyi. Achemwali anga, a Esinati, ndiwo anandiphunzitsa kuwerenga, ndipo kwathu konse kulibe wokonda mabuku a nthano ngati iwo. Koma maso awo onse awiri anachita ng'ala, amangoona mbuu, ndiye ine ndikaweruka ndimawawerengera. Madokotala a maso anali oti abwera kuchipatala chachikulu Lachisanu la sabata yomweyo, ndipo dzina la achemwali linali litalembedwa kale. Vuto linali mantha. Ulendo woyamba madokotala atabwera, iwo anati mutu ukuwapweteka. Wachiwiri anati kuli maliro. Ulendo uno anapeza chifukwa chatsopano, chakuti buku limene tinkawerenga linathera panjira.

Bukulo ndinaligula kwa mkulu wina woyala mabuku akale pansi tsiku la msika. Linanyowapo ndi madzi osefukira, masamba omaliza anamatana ngati chigumu, ndipo nditayesa kuwalekanitsa anangonyenyeka m'manja. Ndi nthano ya makedzana, ya mayi wina amene anachoka ku Mozambiki wapansi, mwana kumbuyo, kulondola mwamuna wake amene anagwidwa kuti azikanyamula katundu wa asilikali. Achemwali amamutchula kuti "mnzanga uja". Tinalekeza pamene mnzawoyo wafika kuminda ya tiyi, wamva kuti mwamuna wake ali moyo, koma iye mwendo watupa ndi chilonda, anthu amunyamula pamachira kupita naye kuchipatala cha mishoni.

"Sindikagona pabedi la madokotala ndisanamve za mnzanga uja," anatero achemwali. "Ukapeze mathero ake. Ndikamva, ndipita."

Mwamwayi, mayi wina amene anadzasoketsa diresi anaona bukulo pamakina panga n'kunena kuti azakhali ake, mayi Mulipa a kwa Kaduya, ali nalo lomwelo, lathunthu. Umo ndi mmene ulendo unabadwira.

Ndinakwera siyenta yopita pa Migowi, mtengo K3,000. Kagalimotoko anakapangira anthu asanu ndi awiri, koma ife tinalowamo ngati nandolo m'thumba, phiri la Michesi ndikungolionera pakati pa mutu wa munthu ndi dengu la tomato. Pambali panga panakhala mtsikana wina wa msinkhu wokwatiwa, maso ali pafoni, akupukusa mutu n'kumadziguguda pachifuwa. Ine chidwi chinandipha.

"Pepani achemwali, mwalandira uthenga wa maliro?"

"Ayi ankolo, ndi nthano. Mwamunayu ndi galu! Wabweretsa chibwenzi m'nyumba mkazi wake ali kuchikuta."

Anandifotokozera kuti nthano za pafoni zimatuluka pang'onopang'ono, tsiku lililonse kachigawo, ndipo owerenga amalemba maganizo awo pansi pake. Wolemba akapha munthu amene anthu amamukonda, amamukalipira usana wonse, mawa lake mumangomva kuti munthu uja sanafe, anangokomoka.

"Ndiye wolemba ndi ndani pamenepo, iye kapena inu?"

"Tonse," anatero, n'kubwerera pafoni pake.

Ndinaseka, koma sindinamunyoze, chifukwa nanenso nthano za masiku ano ndimazikonda. Ndili nazo zingapo zachingerezi zimene ndinagula ku Limbe. Muli mabwana akuba, maloya, akazi oyendetsa magalimoto aakulu, munthu akuthawa apolisi pabwalo la ndege. Zimathamanga ngati makina pamsoko wowongoka, ndipo ndikayamba imodzi kasitomala amaima mpaka kukhosomola. Koma ikangotha sabata, mundifunse dzina la munthu wa m'menemo, ndayiwala. Za makedzana zimanditopetsa poyamba. Wolemba amatha masamba awiri akufotokoza mtengo, ine mumtima ndikuti abale, tiyeni tiziyenda! Koma zija ndi zimene zimakakamira. Mpaka lero ndikamva fungo la udzu wopsa ndimakumbuka mudzi wina wa m'buku umene sindinaupondepo.

Pa Migowi tinafika dzuwa litayamba kuluma. Ndinalowa m'tiyirumu ndikumwa tiyi wamkaka ndi chinangwa chophika. Kumeneko ndinaona agogo awiri akutsogozedwa ndi ndodo, akufunsa za madokotala omwe aja. Ngati achemwali akanakananso ulendo uno, sindinadziwe kuti mwayi wina udzabwera liti.

Kuchoka apo njira ndi yafumbi. Ndinapeza wakabaza wa njinga yakapalasa, bambo wamtali wa ndevu zaimvi, amene anati K2,000 ndipo sanafune kumva zonenerera. Tinadutsa minda ya nandolo ndi ya mpendadzuwa wouma, kenaka malo ena oyera mchenga okhaokha, miyala ikuluikulu ili mbwee pamene kale panali chimanga. Pamtsinje wina mlatho unalibe matabwa, tinatsika n'kuwoloka nsapato zili m'manja.

"Kwa mayi Mulipa mukukatani? Aja anasiya uzamba," anatero wakabazayo.

"Ndikukabwereka buku."

Anatembenuka kundiyang'ana mpaka njinga inakhotera kumunda. Nditamufotokozera, anandidabwitsa. Anati iye anawerengapo buku limodzi lokha lanthano ali kusukulu, la mnyamata wopita kutauni, ndipo sanabwerezenso.

"Olemba mabuku ndi anthu oipa mtima, achimwene. Amakukondetsa munthu, wamuzolowera bwinobwino, kenaka amupha. Ine imfa za m'mudzi muno zikundikwanira."

"Nanga mayi wa m'buku langayu mukuona kuti achira?"

"Wochokera ku Mozambiki wapansi? Ameneyo ndi agogo anga enieni. Anthu aja sankafa ndi chilonda. Achira, musade nkhawa."

Ndinamukhulupirira ndi mtima wonse, chifukwa ndi zimene ndinkafuna kumva.

Mayi Mulipa ndinawapeza chakumasana akuyanika makaka a chinangwa pamphasa. Ndi mayi wamfupi, wa mawu aakulu, magalasi omangidwa ndi ulusi mbali imodzi. Sanandifunse chimene ndadzera mpaka nditamaliza mbale ya nyemba za kalongonda ndi chikho cha thobwa. Nditatchula buku, nkhope yawo inawala. Anandilowetsa m'nyumba n'kukoka sutikesi yachitsulo pansi pa bedi. Ha! Mabuku thoo, ena opanda zikuto, ena omatidwa ndi phala. Anati madzi osefukira atabwera, iwo anayamba kukweza sutikesiyo padenga, ufa pambuyo, ndipo ana awo mpaka lero sanawakhululukire.

Anayamba kutulutsa limodzilimodzi, lililonse ndi mlandu wake.

"Ili ndi lachikondi, la masiku ano. Lokoma, koma bodza. Mkazi akubereka patsamba limodzi, tsitsi lili bwinobwino, akumwetulira. Ine ndagwira uzamba moyo wanga wonse, sindinamuonepo mkazi ameneyo. Ili ndi la ndale, aliyense m'menemo ndi wakuba, mpaka ndinayamba kukayikira wolembayo. Ili ndi la nthawi ya akapolo, ndinaliwerenga kamodzi ndipo sindidzalibwereza, koma sindingalipereke kwa munthu."

"Nanga inu amayi, mumakonda ati, atsopano kapena a makedzana?"

"Atsopano amandiuza zimene adzukulu anga akuchita kutauni. A makedzana amandiuza zimene amayi anga sankafuna kunena."

Kenaka analipeza. Chikuto chobiriwira chomwe chija, koma lonenepa, masamba onse ali m'malo. Ndinawapempha kuti angondiuza mmene likuthera, koma anakana kwamtuwagalu, amvekere buku si nkhani ya pachitsime. Ndiye ndinawafotokozera zonse, za ng'ala, za Lachisanu, za lonjezo la achemwali. Anavula magalasi n'kundiyang'ana.

"Munalekezera pamachira?"

"Eya, pamachira."

"Mwana wanga, litengeni. Koma muwerenge nokha kaye musanakafike kunyumba."

Analikulunga m'jumbo n'kundiperekeza mpaka pamsewu.

Wakabaza wina anandibweza pa Migowi. Siyenta ya ku Chiringa inali ndi anthu awiri okha, ndiye ndinadziwa kuti tikhalapo. Ndinakhala pamthunzi wa golosale n'kumasula jumbo lija.

Abale, wolemba uja ndi katswiri, ndipo ndi wankhanza. Mnzawo wa achemwali analowa m'chipatala muja. Dokotala anamulonjeza kuti akadzuka ululu udzakhala utatha, anamugoneka patebulo n'kumununkhiza mankhwala ogonetsa. Sanadzukenso. Mwamuna wake anafika m'mawa mwake atanyamula nthochi, n'kupeza mwana yekha ali m'manja mwa mayi wachilendo. Palibe pamene wolembayo analira kapena kulalikira, anangofotokoza mmene bamboyo anakhalira pansi n'kuyamba kusendera mwanayo nthochi. Ine, bambo wandevu, misozi inagwera patsamba. Kondakitala anandifunsa ngati andibera.

Chisoni chitatha panabwera mkwiyo. Ulendo wonsewu, fumbi lonseli, kuti ndikawerengere munthu woopa madokotala nkhani ya mayi wofera patebulo la dokotala! Mugalimoto ndinayamba kusoka mathero ena m'mutu. Ntchito yanga ndi yomweyo, chovala chikathina ndimachikulitsa. Ndimuchiritse mayiyo, mwamuna afike, adye nthochi onse atatu. Pofika pakati pa njira ndinali nditakonza mpaka mawu a dokotala. Koma ndinkadziwanso kuti achemwali amandimva ndikanama kuyambira ndili wosavala. Ndipo mumtima china chake chinkakana, chifukwa mathero enieniwo, ngakhale owawa, anali oona kuposa anga.

Ndinafika pa Chiringa dzuwa litapendeka, ndisanaganize chochita. Achemwali anali pamkeka pakhonde, ndipo anandizindikira ndi mapazi ndisanalankhule.

"Laitoni, walipeza?"

"Ndalipeza, achemwali."

"Bwera nalo kuno."

Analisisita chikuto, analinunkhiza, kenaka anatsina masamba omaliza ndi zala ziwiri kuti amve kuchuluka kwake. Anandibwezera.

"Werenga."

Ndinati ndimwe kaye madzi, fumbi landikhala pakhosi. Nditamwa ndinati ndisambe kaye. Iwo anangopendeketsa mutu, maso oyera aja ali kwa ine.

"Wawerenga kale iwe."

Ndinaweramitsa mutu.

"Wapita eti, mnzanga uja? Ayi, usandiuze! Khala chete."

Nkhuku zinayamba kulowa m'khola. Ine ndinkangodikira kuti anene kuti waona, kuchipatala anthu sabwerako. Anatambasula dzanja, ndinawapatsanso bukulo, ndipo analiika pamiyendo n'kulipsinja ndi zikhato zonse ziwiri.

"Iwe ndimakudziwa," anatero. "Ukafika pa imfa umawerenga mothamanga ngati galu akukuthamangitsa, mawu ena n'kumameza. Munthu wayenda wapansi kuchokera ku Mozambiki, ine ndili naye limodzi, ndiye iwe ukamuike m'manda mothamanga? Ayi. Ameneyu ndimuperekeza ndekha, ndi maso anga."

"Achemwali, ndiye kuti..."

"Mantha ndili nawo, usaganize kuti atha."

Ndinapita kwa Kaduya ndikuganiza kuti munthu amawerenga nthano kuti amve mmene yathera, ndipo kuti mathero abwino ndi amene amalimbitsa mtima. Tsiku limenelo ndinaona kuti achemwali anali atalowa m'bukumo mozama kuposa ine amene ndinali ndi maso. Iwo sankafuna nkhani yokoma. Ankafuna kuti mnzawo asafe ali yekha.

Anaitana mpongozi wawo kuti awatengere chikwama chawo cha kutchalitchi. Anaikamo zitenje ziwiri, sopo ndi kabuku ka kuchipatala, pamwamba pake buku lobiriwira lija, n'kutseka zipi okha mopapasa.

"Laitoni, Lachisanu galimoto yoyamba imanyamuka nthawi yanji?"